Ine ndinaponya foni ya mwana wanga m'ndowa

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo, dzina sinditchula. Mwana wawo wamkazi wazaka 15, Fomu 2, anamulanda foni n'kumulalatira mawu oti sangawabwereze, ndiye kuchokera tsiku limenelo mtsikanayo akungoyankha eya, ayi, basi ulendo kuchipinda. Akufunsa kuti kodi pakhomo pangadzakomenso kholo litalakwitsa chonchi?

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerengera mu minibasi ya ku Ndirande mpaka ndinapitirira siteji yanga, kondakitala kundilipiritsa ina. Chifukwa zanuzo ndi zazing'ono, ine ndinaonjeza.

Wanga wachisamba, mnyamata, anali Fomu 3. Ndinadzuka cha m'ma 1 koloko usiku kuti ndikataye madzi, ndinamva kuseka kuchipinda kwake. Ndinalowa osagogoda, mwana wafunda bulangete mpaka kumutu koma mkatimo mukuwala ngati muli nyali. Foni imeneyo ndinagula ndi ngongole ya banki m'khonde ati azipangira za sukulu. Ndinaitsomphola, kuthamanga nayo kukhitchini, m'ndowa ya madzi omwe tinatunga poopa kuti mpopi uuma mawa, phuu! Zikanathera pomwepo bwenzi kulibwino, koma pakamwa panga panatulukanso zoti iwe udzangofanana ndi bambo ako. Bambo ake anapita ku Joni ali wamng'ono, mpaka lero. Mwana anangondiyang'ana, osalira.

Masabata atatu m'nyumba munali zii. Kamlongo kake ndi kamene kanasanduka mthenga, "amayi akuti achimwene sopo watha," chonsecho achimwenewo ali pomwepo pampando.

Ndipo pano ndinene, anthu amene amati ife tinakula ndi chikwapu koma tilibwino amanditopetsa kwabasi. Eya tinakwapulidwa, inenso kamtengo kapichesi ndimakadziwa. Koma amayi akakukwapula unkathawira kuseri kwa agogo, akupatsa mbatata yootcha n'kukuuza pang'onopang'ono pomwe walakwa. Kunali azakhali, kunali amalume eni mbumba oti nkhani ikakula amaitanidwa, mtsikana akatha msinkhu kunali anankungwi. Kulera kunali kwa mudzi wonse. Lero m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri iwe wemwe ndiwe wapolisi, ndiwe agogo, ndiwe nankungwi, wachoka kugeni watopa, ufa wakwera, fizi ikudikira, ndiye wina akudabwa kuti wapsa mtima? Ndiye kuli ena aja akumpingo oti mwana wako akangoterereka amafulumira kunena kuti m'mera mpoyamba, ngati kuti pazaka 15 nkhani yatha. Bodza limenelo. Ngakhale malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati wosakwana zaka 18 ndi mwana, kaya ali ndi ndevu kaya amakuposa kutalika. Akadaphukabe ameneyo.

Zathu zinasintha tsiku lina magetsi atazima. Ndinali panja ndikuphika pambaula, iye akukupiza makala ndi chivundikiro cha poto chifukwa ndinamutuma, osati mofuna. Mumdima muja, mwina poti sitimaonana nkhope, ndinangoti, za bambo ako zija ndinalakwa, undikhululukire. Lilime linalemera ngati mwala, amayi anga sanandipepesepo moyo wawo wonse ndiye ndinalibe pophunzirira. Iye sanayankhe. Anangoonjezera makala awiri oti sankafunikanso.

Mawa lake ndi pomwe anandiuza kuti pa WhatsApp paja panali gulu lomwe amatumizirana mapepala akale a MANEB chifukwa masamu amamuvuta ndipo amaopa kundiuza. Musati anali mngelo ayi, kamtsikana kanaliponso, ndi kamene kamamuseketsa usiku uja, izo anaulula patapita chaka atalemba kale MSCE, tikuseka.

Ndiye inuyo mutani?

Pepesani pa mawuwo, koma lamulo la foni lisachoke. Kwathu pano foni zimagona pabalaza ikakwana 9 koloko, yanganso, apo ndiye zinandiwawa. Musamukhazike pansi ngati bwalo la milandu, mulankhuleni manja ali pantchito, posadzula masamba kapena pomuluka tsitsi. Mupezereni azakhali kapena mayi wina amene iye amamukonda, zina sangauze inu ndipo musachite nazo nsanje. Nsima ya madzulo muzidyera limodzi olo mutakwiyitsana. Koma mukaona kuti wasiya kudya, sakufuna sukulu, kapena pali wamkulu wina akumutumizira ndalama ndi mabando, apo si zamwanonso, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Foni ija tinaikwirira mu mpunga masiku atatu monga amanenera anthu, siinayake. Ngongole ndinabwezabe mpaka tsiku logawana mu Disembala, amayi anzanga akugula zitenje ine ndikulipira foni yakufa.