Kodi curcumin angathandize amayi amene akuiwalaiwala?

Achemwali, mwati amayi anu adapezeka ndi matenda oiwalitsa otchedwa Alzheimer's, ndipo mwaona vidiyo yonena kuti curcumin amateteza ubongo, ndiye mukufunsa ngati muwagulire makapisozi. Pepani kwambiri. Ine ndidasamalira agogo anga ali ndi vuto lomweli, mpaka tsiku lina ndikuwapesa tsitsi adatembenuka n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Kodi inu ndinu mwana wa yani?" Zikafika pamenepo munthu umathamangira chilichonse chomwe wamva kuti chimathandiza. Nanenso curcumin ndidamuchezera usiku pa intaneti, ndiye ndikuuzeni zomwe ndidapeza.

Vidiyoyo sikuti yangopeka zonse ayi. Curcumin ndi chija chimapatsa turmeric mtundu wachikasu, chomwe chikakudetsa zala chimakanirira masiku. Mu ubongo wa wodwala Alzheimer's mumaunjikana puloteni yotchedwa amyloid, komanso mumakhala kutupa kosaoneka komwe kumawononga maselo pang'onopang'ono. Mu 2001 akatswiri a payunivesite ya UCLA ku America adadyetsa curcumin mbewa za mu labotale zomwe zidapangidwa kuti zidwale matenda ofanana ndi amenewa, ndipo adapeza kuti amyloid ndi kutupa zidachepa. Panalinso kafukufuku wa ku Ballabgarh, ku India, amene adapeza kuti okalamba a kumeneko sadwala kwambiri Alzheimer's, anthu n'kuyamba kuloza turmeric amene amadya tsiku ndi tsiku. Komatu kuloza n'kosavuta. Anthu amenewo amasiyana ndi a kwina pa zinthu zambirimbiri, osati chakudya chokha.

Nkhani idavuta atayesa pa anthu. Ku Hong Kong, odwala 34 adalowa m'kafukufuku wa miyezi 6 amene zotsatira zake zidatuluka mu 2008, ena akumwa mpaka magalamu 4 pa tsiku, koma phindu pa kukumbukira silidaoneke. Ku UCLA komwe kuja adayesa pa odwala 36 kwa masabata 24, zotsatira za 2012 zidali chimodzimodzi, ndipo ena adasiyira panjira chifukwa cha m'mimba. Kafukufuku amene amalonda amakonda kutchula ndi wa 2018, wa anthu 40 amene ena mwa iwo adamwa mamiligalamu 90 kawiri pa tsiku kwa miyezi 18, ndipo kukumbukira kwawo kudakwerako. Chomwe amalonda sanena n'chakuti anthu 40 ndi ochepa zedi, komanso onsewo sadali odwala Alzheimer's. Amayi anu sali m'gulu limenelo. 

Chimalepheretsa n'chiyani? Curcumin sasungunuka m'madzi, matumbo amayamwa wochepa kwambiri, ndipo wochepayo chiwindi chimamusintha msangamsanga n'kumutaya. Wofika m'magazi amakhala kadontho chabe, ndiye n'kudzadutsanso mpanda umene umasefa zolowa mu ubongo. Mu labotale amathira curcumin pa maselo mwachindunji, m'thupi la munthu njira yachidule yotere palibe. Werengerani nokha: mu ufa wa turmeric, curcumin amakhala pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse. Kuti mupeze magalamu 2 okha mufunika ufa woposa magalamu 60 tsiku lililonse, ndipo ngakhale mlingo umenewo udalephera pa odwala aja.

Opanga makapisozi amalidziwa vutoli, n'chifukwa chake amaikamo piperine wa mu tsabola wakuda. Kafukufuku wa ku India wa 1998 adasonyeza kuti piperine amachulukitsa curcumin wolowa m'magazi pafupifupi ka 20. Zimamveka zokoma, koma apa ndi pomwe ine ndimachita mantha. Ku Italy mu 2019 anthu angapo adadwala chiwindi atamwa makapisozi a turmeric, ndipo ku America nakonso madokotala adalembapo za odwala otere, ena mwa makapisoziwo ali ndi piperine yemweyu. Piperine amathanso kusokoneza momwe thupi limagayira mankhwala ena, pomwe munthu wachikulire nthawi zambiri amakhala ndi timabotolo tingapo pambali pa bedi. Ngati amayi amamwa warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana, kapena ali ndi miyala m'ndulu, makapisoziwa asayandikire dokotala asadavomere. Kumbukiraninso kuti munthu woiwala atha kumwa kawiri katatu osadziwa, ndipo sangakuuzeni bwino pomwe pakupweteka. Mukaona maso achita chikasu kapena mkodzo wada, thamangirani kuchipatala.

Turmeric wa m'chakudya alibe vuto kwa anthu ambiri, ngati amayi amamukonda apatseni. Koma ndikadakhala ine, ndalama za makapisozi ndikadapita nazo kukawayezetsa BP, shuga, maso ndi makutu. Agogo anga tinkangoti matenda akula, koma pena sankayankha chifukwa choti sankamva, ndipo tidazindikira mochedwa. Mankhwala amene adokotala adawapatsa, kaya ndi donepezil kapena memantine, musawasiyitse. Sachiritsa, koma kwa ena amachepetsako zizindikiro kwa kanthawi.

Panopa akumwa mankhwala ati? Muwalembe onse papepala, pamodzi ndi dzina la makapisozi mwawaonawo, mupite nalo pa tsiku lawo lokaonana ndi adokotala.