Coolant mungasinthe nokha pakhomo, koma samalani ndi mpweya wotsalira

Achimwene, mwafunsa ngati mungathe kusintha nokha madzi a mu radiyeta ya Toyota Vitz yanu, popeza asanduka ofiirira chifukwa mwakhala mukuthiramo a pampopi, komanso ngati coolant, mankhwala amadzimadzi oziziritsa injini, ndi wofunikadi kuno kwathu kumene kulibe chisanu choumitsa madzi. Ntchitoyi mungaigwire pakhomo ndi beseni, fanulo ndi pulayala basi, koma coolant musamusiye ayi.

Ambiri akaona mawu akuti antifreeze pabotolo amaganiza kuti ndi za ku Japan zokha. Coolant amakhalanso ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo kufiira kumene mukukuonako ndi zitsulo za m'kati zimene zayamba kudyeka. Madzi a pamjigo ndiye oipirapo, chifukwa mchere wake umakakamira m'timapayipi ta radiyeta monga umachitira pansi pa ketulo, mpaka njira zina kutsekeka. Komanso madzi okha amawira pa 100°C, pamene osakaniza theka ndi theka ndi coolant amafika pafupifupi 107°C, ndipo chivindikiro cha radiyeta chikakhala chabwino amapirira kuposa pamenepo. Kusiyana kumeneku mudzakuyamikira pokwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, galimoto itadzaza anthu ndi katundu.

Yambani m'mawa injini itagona usiku wonse, galimoto ili pamalo osatsetsereka. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha, chifukwa madziwo amatumphuka ndi mphamvu n'kuwotcha nkhope ndi manja. Ikani beseni pansi, chotsani chivindikiro, kenako masulani kotsekera kapulasitiki kamene kali kumunsi kwa radiyeta. Kameneka kapotokoleni ndi zala mofatsa, pakuti kakakalamba sikachedwa kuthyoka. Ngati kauma, ndi bwino kuvula payipi yakumunsi. Tsukaninso kabotolo kapambali kolembedwa LOW ndi FULL. Mukatero tsekani, dzazani madzi osungunula (distilled water) aja amagulitsidwa othira mu batire (onetsetsani kuti si asidi), lizani injini kwa mphindi khumi hita ili pa kutentha kwambiri, dikirani izizire, ndipo khuthulaninso. Bwerezani mpaka madzi atuluke oyera.

Pogula coolant werengani botolo, musangodalira mtundu wake. Wina amabwera wosakaniza kale, wina ndi wofunika kusungunula. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira: mukakhuthula radiyeta, madzi ena amatsalira mu injini ndi mu hita. Choncho mukathira wosakaniza kale pamwamba pa madzi otsukira aja, amasukuluka. Njira yabwino ndi kuona m'buku la galimoto malita onse amene amalowa, kuthira theka la malitawo la coolant wosasungunula, n'kumalizitsa ndi madzi osungunula. Ngati mwangopeza wosakaniza kale, monga Super Long Life Coolant wa Toyota wa pinki, muthireni, lizani injini pang'ono, mukhuthule n'kuthiranso wina. N'zodula, koma mphamvu yake imakhala yokwanira.

Gawo limene limawononga injini zambiri ndi lotulutsa mpweya, ndipo apa musapupulume. Thirani pang'onopang'ono mpaka pakhosi pa radiyeta, siyani chivindikiro chotsegula, lizani injini hita ili yoyatsa. Mudzaona thovu likutuluka ndipo madzi akutsika, onjezerani. Finyani payipi yakumtunda kangapo, manja ali kutali ndi fani, chifukwa imayamba kuzungulira yokha mosachenjeza. Thermostat, kavavu kamene kamalola madzi kupita ku radiyeta injini ikatentha, ikatseguka, payipi yakumunsi imene inali yozizira imatentha, ndipo madzi amatsika kwambiri nthawi imodzi. Dikirani fani izungulire ndi kusiya kawiri, hita itulutse mphepo yotentha, kenako tsekani ndi kudzaza kabotolo kapambali kufika pa FULL. Hita ikamapereka mphepo yozizira injini ili yotentha, kapena mukamamva madzi akuchita phokoso kuseri kwa dashibodi, mpweya udakalimo. Mawa lake m'mawa onaninso ndi kuonjezera, ndipo chitani zimenezi kwa masiku angapo.

Makaniko akakuuzani kuti achotse thermostat poti kuno n'kotentha, ine ndikuti kanani. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha koyenera, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Ikawonongeka, gulani ina.

Madzi akalewo ndi poizoni. Muli ethylene glycol, amene amatsekemera, moti galu kapena mwana akhoza kumwa n'kuwonongeka impso. Musawasiye m'beseni pakhonde, musawathire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, ndiponso musawasunge m'botolo la chakumwa. Atsekereni m'chigubu cholembedwa bwino, mukafunse kugalaja kumene amasonkhanitsa oyilo wakale.

Wa pinki wa Toyota amasinthidwa koyamba pa makilomita 160,000, kenako pa 80,000 alionse, pamene wobiriwira wamba amafuna kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Koma musanagule chilichonse, tsegulani chivindikiro cha oyilo. Mukapeza zoyererako ngati mkaka, kapena thovu likamatuluka mu radiyeta osaleka, kapena madzi akamatha popanda podontha pooneka, n'kutheka kuti gasiketi ya pamutu pa injini (head gasket) yapsa, ndipo galimotoyo ikufunika kupita kwa makaniko musanathiremo coolant watsopano.