Chowoloka malire ndi sikirini, tebulo limakhomedwa komweko

Achimwene, mwafunsa mmene geni ya matebulo amasewera okhala ndi sikirini pakati imayendera kwa ife owolotsa katundu pamalire. Mukunena aja osewera Dungeons & Dragons (masewera a nthano ochitira patebulo) amaonetsapo mapu n'kumayendetsa tizidole tawo pamwamba. Ndiyambe ndi chimene ndinachiphunzira ndalama zitapita kale: tebulo lathunthu sitinyamula. Ndinayesapo kamodzi. Linadya malo a katundu wina yense, mwendo umodzi unafika ukugwedera, ndipo kaphindu konse kanatsalira kwa mwini galimoto. Kuyambira pamenepo ndimabweretsa sikirini, timafani toiziziritsa ndi nthambo za HDMI zoilumikizira ku kompyuta basi. Matabwa kalipentala amawapeza komwe ali.

Sikirini ifike kaye, kenaka kalipentala aboole tebulo. Musadalire miyeso ya pakatoni. Ya mainchesi 43 imakhala pafupifupi masentimita 95 m'litali ndi 54 m'lifupi, ndipo popeza kabokosi kamodzi ka mapu kamayenera kukhala inchi imodzi kuti kachidole kakwanemo, pamatuluka timabokosi 37 mbali ina ndi 21 mbali inayo. Kwa anthu asanu ozungulira tebulo zimakwana. Popikula funsani ya IPS, mtundu wa sikirini wooneka bwino ngakhale chapambali, chifukwa anthuwa amaiyang'ana chapambali, osati chamaso ngati TV ya pakhoma, ndipo zina mitundu imazilala ukangopendeka mutu. Ya mtundu wina wotchedwa OLED ndi yokongola, koma mapu amodzi akakhalitsa maola ambiri amatha kusiya chithunzithunzi chosafufutika, ndiye ine sindiibweretsa pokhapokha kasitomala atakakamira. Onaninso kuseri ngati palembedwa 100-240V. Yopangidwira magetsi a 110V okha ikalumikizidwa ku 230V, mwaotcha mpamba wanu.

Tsono pamalire, pamene ambiri amalirira. Katundu aliyense ali ndi nambala yake m'dongosolo la HS logawa katundu m'magulu, la bungwe la akasitomu padziko lonse la World Customs Organization. Dongosololi linayamba kugwira ntchito mu 1988, ndipo manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana m'maiko onse olitsatira. Masikirini ndi ma TV ali pa 8528, matebulo wamba pa 9403, zipangizo zamasewera a patebulo pa 9504. Mwaona vuto la tebulo lathunthu? Inu mukuti ndi lamasewera, wakasitomu akuti ndi TV yovekedwa matabwa, ndipo pamene mukukangana katundu akugona m'shedi, ndalama yosungira ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Ngakhale mkati mwa 8528 momwemo, yokhala ndi kachipangizo kokoka mawayilesi akanema ili ndi mzere wake, monita ya kompyuta ilinso ndi wake, ndipo msonkho umatha kusiyana. Mufunseni ejenti wanu wochotsa katundu kukasitomu musanagule, osati mutafika kale pazenera.

M'maiko ambiri msonkho amawerengera pa mtengo wogulira ataphatikiza ndalama ya mayendedwe ndi inshuwalansi, kenaka VAT imabwera pamwamba pa zonsezo. Oyamba kumene amaiwala zimenezi n'kuuza kasitomala mtengo wotsika. Risiti ikhale yeniyeni, yolembedwa modelo ndi nambala ya sikiriniyo. Alipo amene adzakunong'onezani kuti mulembetse mtengo wochepa. Akasitomu mitengo amaidziwa, ndipo akakaika amaika wawo, chindapusa n'kutsatira.

Panjira sikirini imayenda choimirira, m'katoni yake, masiponji ake ali m'makona. N'zoseketsa ndithu kuti chinthu chimene chikagone chagada moyo wake wonse chisagone paulendo, koma galasi lake ndi lopyapyala, ndipo likagona pakati pamalendewera, bampu iliyonse n'kumalipinda. Ine ndimaima pomwepo akamapakira, chifukwa ukangotembenuka wina wasanjikapo thumba.

Galasi lotchinga pamwamba ndimalangiza kuti adulitse komwe tebulo likukhomedwa. Lija lolimbitsidwa ndi moto silidulikanso likatuluka kufakitale, ndiye mukaphonya ndi theka la sentimita latayika. Pulasitiki ya akiriliki ndi yopepuka koma imakalika msanga ndi madayisi. Chilichonse chimene asankhe chikhale pafupi kwambiri ndi sikirini, apo ayi kachidole kamaoneka ngati kaima pa bokosi lina kwa amene wakhala mbali ina. Kalipentala mumuuzenso asiye mipata ya mpweya pansi ndi malo a timafani, poti TV anaipanga kuti kutentha kuzikwera n'kutulukira pamwamba itaimirira.

Za waranti musalonjeze kasitomala. Kawirikawiri imagwira ntchito m'dziko limene mwagulamo, ndipo kubweza sikirini kudutsanso malire kumadya kuposa phindu lanu. N'chifukwa chake ndimaiyatsa m'sitolo momwemo, ndimaika chithunzi choyera, kenaka chakuda, kufufuza timadontho takufa (tosasintha mtundu pa sikirini), ndipo ndimajambula kanema pafoni nambala yake ikuoneka asanaitseke m'katoni.