Mafunso a Owerenga: Telesikopu Yatsopano Ikungoonetsa Chimbuuzi

Funso: Zikomo a Mkonzi. Ndagula telesikopu ya mtundu wa refractor (yosonkhanitsa kuwala ndi galasi, osati kalilole) yomwe galasi lake lakutsogolo ndi lotambalala mamilimita 80, ndipo pathupi pake palembedwa kuti 900mm. Inabwera ndi timagalasi tiwiri toyang'anira, kena ka 25mm, kena ka 10mm, komanso kagalasi kowonjezera kotchedwa Barlow, kochulukitsa katatu. Pabokosi analemba kuti imakulitsa chinthu ka 270, koma nditalumikiza zonsezo n'kulozetsa pa Jupiter, ndinangoona chimbuuzi chonjenjemera chimene chinadutsa n'kusowa. Kodi telesikopuyi ndi yowonongeka? Ndine wowerenga wanu wokhumudwa.

Yankho: Musataye mtima, chifukwa zimene mwafotokozazi sizikusonyeza kuti telesikopu yanu ili ndi vuto. Chimene chakusokonezani ndi nambala yapabokosiyo, ndipo ine zimandiwawa kuti opanga ena amailemba ndi zilembo zikuluzikulu akudziwa bwino lomwe kuti galasi la mamilimita 80 silingaonetse chithunzi chomveka pa mlingo umenewo.

Ntchito yeniyeni ya galasi lakutsogolo ndiyo kusonkhanitsa kuwala. Mwanadiso wa munthu akatambasuka mumdima amafika pafupifupi mamilimita 7, choncho galasi lanulo limasonkhanitsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 130 kuposa diso. Kukula kwa chithunzi kumachokera ku kagalasi koyang'anira, ndipo mumakupeza pogawa 900 ija (mtunda wochoka pa galasi lakutsogolo kufika pamene kuwala kumakumana) ndi nambala yolembedwa pa kagalasiko: ka 25mm kamakulitsa ka 36, ka 10mm kamakulitsa ka 90, ndipo mukawonjezera Barlow ija mumafika pa 270. Koma okonda zakuthambo amadziwa kuti malire a telesikopu iliyonse ali pafupi ndi kutambalala kwa galasi lake m'mamilimita kuchulukitsa kawiri, kutanthauza kuti yanuyo imalekezera cha pa 160, ndiponso zimenezo zimatheka usiku umene mpweya wadekha. Mukapyola pamenepo chithunzi chimakula koma chimachita mdima, ndipo palibe chatsopano chimene chimaoneka.

Tsono ikani Barlow pambali ndipo muyambe ndi kagalasi ka 25mm. Pa mlingo wa 36 mudzaona Jupiter ngati kambale kowala, ndi timadontho tinayi pambali pake, tomwe ndi miyezi yake ikuluikulu: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto. Galileo Galilei anaiona mu Januwale 1610 ndi telesikopu yokulitsa pafupifupi ka 20, yomwe magalasi ake sangafanane n'komwe ndi anuwa. Mukaiyang'ana usiku wotsatira mudzapeza kuti yasintha malo, ndipo nthawi zina mudzangoona itatu chifukwa wina wabisala kuseri kwa pulanetiyo kapena ukudutsa kutsogolo kwake. Mukazolowera, sinthani n'kuika ka 10mm, mupotokole fokasi (kowongolera chithunzi kuti chioneke bwino) pang'onopang'ono, ndipo mudzaona mizere iwiri yoderapo ya mitambo yodutsa pakati pa Jupiter. Mizere imeneyi sioneka msanga; diso limafuna mphindi zingapo, ndipo imabwera n'kumazimirira malinga ndi mmene mpweya ukusinthira. Mphete za Saturn nazo zimaoneka pa mlingo womwewu, ngakhale kuti mu Marichi 2025 zinali zitatilozetsa m'mphepete mwake ndipo zikutseguka pang'onopang'ono chaka ndi chaka.

Kusowa kwa Jupiter kuja kunachitika chifukwa dziko lapansi limazungulira, pafupifupi madigiri 15 pa ola, ndipo chithunzi chikakula kwambiri kachigawo ka thambo kamene mukuona kamachepa, moti pulaneti imakadutsa mwamsanga. Chidzakuthandizani kwambiri ndi kulinganiza katelesikopu kakang'ono kolozera kamene kali pamwamba. Chitani zimenezi masana: lozetsani telesikopu yaikulu pa chinthu chakutali chosasuntha, monga nsonga ya mtengo, kenako mupotokole timasikuluwu ta kolozerako mpaka chinthu chomwecho chikhale pakati pa mtanda wake. Kunjenjemera kumachepa mukamangitsa bwino choimikapo, mukapanda kusolola miyendo yake mpaka kumapeto, ndiponso mukachotsa dzanja pa telesikopu poyang'ana. Muitulutse panja mphindi 20 kapena 30 musanayambe kuti magalasi afanane kutentha ndi mpweya wakunja, ndipo mudikire pulaneti ikwere, pakuti ikakhala m'munsi kuwala kwake kumadutsa mu mpweya wambiri wosakhazikika.

Funso: A Mkonzi, ndikayang'ana mwezi ndi Nthanda mu refractor yanga ndimaona kamzere kamtundu wapepo m'mphepete mwake. Komanso mapu a mwezi amene ndili nawo sakugwirizana ndi zimene ndikuona, chifukwa zakumanja zikuoneka kumanzere. Kodi ndibweze kumene ndinagula?

Yankho: Musaibweze. Kuwala koyera kuli ndi mitundu yosiyanasiyana, ndipo galasi limapinda mtundu uliwonse mosiyana pang'ono, kotero mitunduyo sikumana pamalo amodzi. Vutoli linasautsa akatswiri kuyambira pamene Hans Lipperhey anapempha chilolezo cha umwini wa telesikopu ku Netherlands mu 1608. Linachepa pamene Chester Moor Hall wa ku England anaphatikiza magalasi awiri a mitundu yosiyana cha m'ma 1730, ndipo John Dollond anapatsidwa chilolezo cha njira imeneyi mu 1758. Matelesikopu ambiri a oyamba kumene amapangidwabe choncho, ndipo kamzere kapepo kamene kamatsala kamaonekera pa zinthu zowala kwambiri zokha. Kamaonekera kwambiri m'matelesikopu aafupi onenepa kusiyana ndi aatali owonda. Alipo ena otchedwa apochromat amene amakachotsa pafupifupi konse, koma munthu amene wangoyamba kumene sindingamulangize kuthamangira kumeneko asanathe kuona zonse zimene telesikopu yakeyo ingamuonetse, kuphatikizapo mmene Nthanda imasinthira maonekedwe ngati mwezi.

Kutembenuka kwa chithunzi kumachokera ku kalilole wopendekeka amene ali pafupi ndi kagalasi koyang'anira: amaimika chithunzi bwinobwino koma amasinthanitsa kumanja ndi kumanzere. Alipo mapu a mwezi osindikizidwa motembenuza chifukwa cha zimenezi. Ndikuwonjezereni kuti mwezi wathunthu si umene umaonetsa zambiri, pakuti dzuwa limauwalira molunjika ndipo zithunzithunzi zimasowa. Uyang'aneni uli theka, motsatira malire a kuwala ndi mdima, pamene maenje ndi mapiri ake amaonekera bwino kwambiri.

Funso: Ana anga akufuna kuona dzuwa ndi telesikopu. Kodi kagalasi kakuda komangirira ku kagalasi koyang'anira n'kokwanira?

Yankho: Ayi, ndipo kagalasi kameneko mukataye lero lomwe. Kamakhala pamalo pamene kutentha konse kwa dzuwa kwasonkhanira, ndipo kakhoza kung'aluka mwadzidzidzi diso lili pomwepo. Kuwonongeka kwa diso koteroko kumachitika m'kanthawi kochepa ndipo nthawi zambiri sikuchira. Njira yotetezeka ndi sefa yopangidwira kuyang'ana dzuwa, yophimba galasi lonse lakutsogolo, yomangidwa molimba ndiponso yopanda kabowo kapena pokandika. Katelesikopu kolozera kaja mukaphimbe kapena mukachotse, ndipo masana musasiye telesikopu panja ana ali okha.