Musaweruze Scotch ndi toti ya m'botolo lotsegula kale

Achimwene, mwadandaula kuti toti ya Johnnie Walker Black Label imene munagula ku bala inakuwotchani kukhosi. Imene munamwa ija sinali Black Label, ndiye musafulumire kunena kuti Scotch, wisiki wa ku Scotland, sikuyanjani, bola musamukire ku Jameson ya ku Ireland. Black Label yeniyeni siwotcha kukhosi ngati sipiriti wa pachilonda. Ndi yosakaniza inde, koma nambala 12 ili pabotolopo ikutanthauza kuti wisiki wamng'ono kwambiri mmenemo wakhala mu mgolo zaka 12. Imafika palilime mofewa, kukoma ngati zipatso zouma, kautsi pang'ono n'kutsalira kumapeto. Ikamanunkha ngati mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, n'kuzimiririka mkamwa nthawi yomweyo, dziwani kuti anakugulitsani botolo lokha, zamkatimo zinali zina.

Anthu ochita zimenezi amandikwiyitsa zedi. Botolo likatha salitaya. Amathiramo mowa wotchipa wa m'zigubu, kuonjezera madzi, kudetsa ndi shuga wowotcha kapena tiyi, ndipo kapulasitiki ka pakamwa pa botolo kaja amakalambalala ndi jakisoni. Kenako amadikira usiku, magetsi ali a buluu, nyimbo zili pamwamba, munthu wathira kale Coke ndi ayezi wodzaza tambula. Botolo la 750 ml limatulutsa matoti 30 a 25 ml, ndiye werengani nokha phindu lake pamene chilichonse mmenemo n'chabodza. Mukadandaula amakuuzani kuti mwaledzera, pakamwa panu ndi pamene palakwika.

Ndalama n'zochepa pankhaniyi. Mowa wosadziwika kochokera umatha kukhala ndi methanol, sipiriti wapoizoni, ndipo ameneyu simungamuzindikire ndi mphuno kapena lilime. Usiku umenewo munthu amangoona ngati waledzera monga mwa masiku onse. Zizindikiro zimayamba patapita maola 12 mpaka 24, mwina kupitirira apo. Mutu ukuphwanya, kusanza, m'mimba mukupota, kupuma mofulumira ngati wathamanga ali chigonere. Kenako maso. Foni ili m'manja koma zilembo zikuoneka mwa chimbuuzi, kuwala kwa pawindo kukulasa, timadontho toyera tikuyenda kutsogolo kwake. A m'nyumba akuti ndi matsire, imwani thobwa mugone, pamene nthawi imeneyo chiwindi chili kalikiliki kusandutsa methanol uja kukhala asidi amene amawononga mtsempha wa maso. Methanol wokwana timasupuni tiwiri ting'onoting'ono, 10 ml, atha kuchititsa munthu khungu. Zikafika pamaso musadikire kuti kuche, thamangani kuchipatala, mukanene mosabisa zimene munamwa, ndipo botolo likapezeka mulitenge. Wa pabala uja nthawi imeneyo ali phee, akudzazanso lina.

Chitetezo chanu chachikulu ndi kudziwa kakomedwe kenikeni ka mtundu uliwonse. Scotch, mwa lamulo lawo la 2009, ayenera kukhala mu migolo ya mtengo wa oak ku Scotland zaka zosachepera 3, ndipo mphamvu yake isatsike pa 40%. Single malt ndi wa chimera cha balere chokha, wotchezedwa pamalo amodzi m'miphika ya mkuwa, nthawi zambiri kawiri. Amene munaonapo kutcheza kachasu mukudziwa kuti zoyamba kudontha n'zaukali ndipo zomaliza n'zamadzi. Otcheza Scotch nawonso amapatula zoyamba ndi zomaliza, mu mgolo mumapita zapakati zokha. Blended, monga Johnnie Walker ndi Chivas Regal, ndi malt wosakaniza ndi wisiki wa tirigu kapena chimanga, n'chifukwa chake amakhala wopepuka.

Mkati mwa single malt momwemo kusiyana n'kwakukulu. A kudera la Speyside, monga Glenfiddich 12 ndi Glenlivet 12, ndi ofatsa, fungo la maapulo ndi uchi, abwino kuyambira. Macallan amadziwika ndi migolo imene munali sherry, vinyo wa ku Spain, ndiye amabwera wolemera, kukoma ngati keke ya zipatso. A pachilumba cha Islay ndi nkhani ina. Poumitsa chimera amawotcha peat, dothi lakuda la m'dambo lopangidwa ndi zomera zimene zinawola kalekale, ndipo utsi wake umakakamira chimeracho mpaka m'botolo. Laphroaig 10 imanunkha ngati bandeji ndi mankhwala a m'chipatala, ndipo ambiri amailavula koyamba n'kumati ndi yachinyengo, pamene ndi mmene iyenera kukhalira. Lagavulin 16, ya 43%, ndi imene ine ndimaiika pamwamba pa onse: utsi wake ndi wakuya ngati wa m'khitchini ya nkhuni mmene mwafutsidwa nsomba, koma pansi pake pali kutsekemera, ndipo imakhalitsa mkamwa mphindi zingapo mutameza. Ardbeg 10 ndi ya 46%, yotuwa ngati vinyo woyera, ndipo sinasefedwe mozizira, ndiye ikachita chifunga mutathira madzi musadabwe, ndi mafuta ake. Wofuna utsi wapakati atenge Talisker 10 ya pachilumba cha Skye, 45.8%, ili ndi katsabola kukhosi.

Mtundu wa madziwo usakupusitseni. Scotch amaloledwa kuthiramo caramel, shuga wowotcha wodetsera, choncho kuda si umboni wa zaka.

Jameson mukuifunayo ndi yabwino, yotchezedwa katatu ku Midleton, ku Cork, yosalala, yopanda utsi, koma ndi yopyapyala, siinena zambiri. Mukafuna kudziwa chimene Ireland ingathe pezani Redbreast 12, imene amasakaniza chimera ndi balere wosameretsa, imamveka yamafuta palilime.

Bourbon ndi wisiki wa ku America, wa chimanga chosachepera 51%, wosungidwa mu migolo yatsopano yowotchedwa mkati mpaka makala. Kutsekemera kwa vanila kuja kukuchokera mu mtengo wa mgolowo, shuga sathiramo. Maker's Mark amaikamo tirigu m'malo mwa mbewu ya rye, ndiye imafewa. Wild Turkey 101 ndi ya 50.5%, imawotcha ndithu, koma kuwotcha kwake kumabwera ndi kukoma, osati kuwotcha kopanda kanthu kumene munakumana nako. Jack Daniel's ndi ya ku Tennessee, amaidonthetsa m'makala a mtengo wa maple isanalowe mu mgolo, ndipo ambiri amamvamo nthochi yakupsa. Amene muli ku Joni musanyoze Bain's ya ku Wellington, ya chimanga chokhachokha cha ku South Africa komweko, yosungidwa mu migolo imene munali bourbon. Ndi yofewa, mtengo wake ndi wabwino.

Poyerekeza musapitirire mitundu itatu tsiku limodzi, lilime limatopa. Thirani 15 ml mu tambula yopapatiza kukamwa, muisiye mphindi 5, mununkhize kukamwa kuli kotsegula pang'ono, mulawe, kenako mudonthezemo madzi theka la kasupuni ka tiyi n'kulawanso. Yambani ndi wopepuka, wautsi akhale womaliza, chifukwa mukayamba ndi Laphroaig zonse zotsatira zidzanunkha Laphroaig. Ayezi amatseka fungo, musiyeni kaye. Mukakayikira botolo, donthezani pang'ono m'manja, pakani mpaka paume, mununkhize. Weniweni amasiya fungo la chimera, la mtengo kapena la utsi, wabodza amasiya manja opanda fungo kapena omata shuga. Izi zimagwira wosakaniza madzi ndi shuga, methanol sizimugwira. Pogula botolo onani mphete ya chitsekerero ngati sinadulidwe n'kumatidwa, nambala yodindidwa pagalasi kapena palebulo ngati sinapalidwe, komanso ngati mabotolo onse pashelefu adzaza mofanana. Mtengo ukatsika theka la wa m'sitolo yaikulu, lisiyeni. Botolo lanu likatha kunyumba, ng'ambani lebulo ndi kuphwanya chitsekerero musanalitaye.

Komabe musagule botolo lathunthu la Laphroaig kapena Lagavulin musanalawe, n'lodula ndipo mutha kulida. Pitani ku bala mukagule toti imodzi yokha, muuze wogulitsa athire mukuona, opanda ayezi, opanda Coke. Akubawo amakonda kudzaza mabotolo oyenda msanga, osati ngati awa, ndipo fungo la peat sangalipange ndi tiyi. Ikakukomerani, musonkherane anthu anayi mugule botolo losatsegula m'sitolo yodziwika, mulisunge choimirira pamalo posafika dzuwa.