M. R. James: mkulu wa myuziyamu ya ku Cambridge amene ankaopseza anzake pa Khirisimasi

Mayi wina amene amaphunzitsa Chingelezi kusekondale wanditumizira imelo. Akuti: "Ndawerenga nkhani imodzi ya mizukwa ya M. R. James ndipo tulo sindinatione. Kenako ndamva kuti munthuyu anali mwana wa m'busa, katswiri wa mabuku akale achipembedzo, ndiponso woyang'anira myuziyamu ya yunivesite. Zimenezi zikugwirizana bwanji? Kodi mizukwayo ankaikhulupiriradi?"

Mayi, funso lanu lomalizali anayankha yekha m'mawu oyamba a buku la 1931 limene anasonkhanitsamo nkhani zake. Anati ndi wokonzeka kuunika umboni, ndipo ukamukhutiritsa auvomereza. Sanavomere, sanakane. Funso loyambalo ndiye lili ndi nyama, ndipo maganizo anga ndi akuti nkhani zoopsazo zinabadwira m'ntchito yake ya masana yomweyo.

Montague Rhodes James anabadwa pa 1 Ogasiti 1862 ku Goodnestone, m'chigawo cha Kent, nakulira ku Great Livermere ku Suffolk kumene bambo ake ankatumikira mpingo wa Anglican. Anaphunzira pasukulu ya Eton, kenako ku King's College payunivesite ya Cambridge, ndipo moyo wake wonse unathera m'malo awiriwa. Anali mkulu wa Fitzwilliam Museum, myuziyamu ya yunivesiteyo, kuyambira 1893 mpaka 1908, mkulu wa King's College kuyambira 1905 mpaka 1918, kenako mkulu wa Eton mpaka imfa yake pa 12 Juni 1936. Sanakwatirepo. Mukafuna zochititsa nthumanzi pa moyo wake simuzipeza.

Ntchito imene ankaikonda ndi yolemba kaundula wa mabuku olembedwa pamanja, aja a pazikopa amene amonke ankakopera makina osindikizira asanabwere. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba za amonke pakati pa 1536 ndi 1541, mabuku awo anamwazikana. Ena anawonongeka, ena anagwera m'manja mwa anthu wamba, ena anakathera m'makoleji popanda wodziwa kumene anachokera. James ankatenga buku limodzilimodzi, n'kuyeza kukula kwake, n'kuwerenga mmene masamba anawasokera m'timagulu kuti aone ngati pali tsamba lothothoka, n'kuyang'anitsitsa kalembedwe ka dzanja kuti adziwe zaka zake. Panalinso kanjira kena kamene ine kamandisangalatsa. Osunga mabuku akale ankalemba m'makaundula awo mawu oyambirira a patsamba lachiwiri la buku lililonse, chifukwa anthu awiri okopera buku limodzi pamanja safika patsamba lachiwiri ndi mawu ofanana. James ankafananitsa mawu amenewo ndi a m'mabuku amene anali nawo patebulo, n'kutha kunena kuti ili linali ku Canterbury zaka mazana angapo zapitazo. Motero analemba makaundula a Fitzwilliam, Trinity College, Corpus Christi, Lambeth Palace ndi malo ena ambiri.

Nthawi ina ntchitoyi inamufikitsa pamanda enieni. M'zolembedwa zakale zosungidwa ku Douai, ku France, anapezamo mawu ofotokoza pamene anaika akuluakulu a nyumba ya amonke ya Bury St Edmunds, ku Suffolk. Anthu atakumba pamalopo mu 1902 ndi 1903 anapeza mabokosi amwala a akuluakulu asanu, mmodzi wa iwo ndi Samson amene anamwalira mu 1211. Ndiye taganizani, mayi, munthu amene anawerenga mawu ochepa Achilatini n'kuloza pansi kuti kumbani apa, mafupa n'kupezekadi. Ameneyo akakhala pansi usiku kuti apeke nkhani, adzalemba za chiyani?

Nkhani ziwiri zoyamba anaziwerengera anzake a kagulu kotchedwa Chitchat Society mu Okutobala 1893, chaka chomwe anakhala mkulu wa myuziyamu. Pambuyo pake unakhala mwambo wa nyengo ya Khirisimasi: anzake ankasonkhana m'chipinda chake ku King's, iye n'kuzimitsa makandulo onse kusiyapo imodzi, n'kuyamba kuwerenga. N'chifukwa chake nkhanizi zimakoma kwambiri zikamawerengedwa mokweza, ndipo muli nthabwala zambiri zoti anthu aseke kaye mantha asanawagwire. Buku loyamba, Ghost Stories of an Antiquary, linatuluka mu 1904, ena anatsatira mu 1911, 1919 ndi 1925.

Yang'anani anthu a m'nkhanizi. Pafupifupi onse ndi James yemweyo: mwamuna wophunzira, wosakwatira, amene wapeza chinthu chakale n'kulephera kuchisiya pamene wachipeza. Mmodzi wagula buku la zidutswa za mipukutu m'tauni ina ya ku France pamtengo wotsika mokayikitsa. Wina watola wezulo m'mabwinja a m'mphepete mwa nyanja, waipukuta, n'kuiimba, ndipo usiku zofunda za pabedi lopanda munthu zadzuka. Winanso wafukula chisoti chachifumu chimene chinali ndi mlonda wake.

Nkhani imene ikuyankha bwino funso lanu ndi "The Mezzotint", chifukwa munthu wake, Williams, ndi woyang'anira zithunzi m'myuziyamu ya yunivesite. Wogulitsa wina wa ku London wamutumizira chithunzi chodinda cha nyumba ya kumudzi, chosaoneka bwino koma chamtengo wokwera. Mnzake atachiyang'ana akuona kamutu ka munthu m'mphepete mwenimweni mwa chithunzicho, pamene poyamba panalibe kanthu. Usiku chinthucho chikukwawa pakapinga kulowera kunyumba. M'mawa zenera lapansi latseguka. Potsiriza chikutuluka chitanyamula mwana. Chimene chimandigwira mtima ndi zimene Williams akuchita. Sakukuwa kapena kuthawa. Akutsekera chithunzicho m'dirowa, akulemba zimene waona n'kusainira, akuitana mboni, mnzake akuchijambula, kenako akufufuza m'mabuku kuti adziwe dzina la nyumbayo. Ndi ntchito ya kaundula yeniyeni, ndipo kudekha kumeneko ndiko kumapangitsa wowerenga kukhulupirira. James anali atazolowera kufotokoza chinthu ndendende mmene chilili osawonjezera, choncho choopsacho amachionetsa pang'ono chabe, dzanja laubweya kapena nkhope yansalu yokwinyika, zotsalazo mumadzijambulira nokha m'mutu. Ananenanso poyera kuti mzukwa wa m'nkhani uyenera kukhala wankhanza, ndipo malo ake akhale wamba kuti wowerenga aganize kuti zingamuchitikirenso iyeyo.

Ndisamutamande mopitirira. Poti ndinu mphunzitsi mudzaona msanga kuti akazi m'nkhanizi ndi ochepa, ndipo antchito ndi anthu osauka nthawi zambiri amawaikamo kuti aziseketsa ndi kalankhulidwe kawo. Ngakhale pa ntchito ya myuziyamu, mtima wake unali pa mabuku kuposa pa zipinda zoonetsera. M'nthawi yake Fitzwilliam inalandira mabuku apamanja amtengo wapatali amene Frank McClean anaisiyira mu 1904, ndipo James anawalembera kaundula, koma amene anasintha maonekedwe a nyumbayo ndi womulowa m'malo, Sydney Cockerell, amene ankadzitama kuti anaipeza ili ngati khola la nkhumba n'kuisandutsa nyumba yachifumu. Mwina anakokomeza, koma mawuwo sanangochokera m'mwamba.

Za chipembedzo, palibe chosonyeza kuti ankaona kutsutsana kulikonse. Anakhala wa Anglican moyo wake wonse, ndipo mu 1924 anatulutsa The Apocryphal New Testament, kumasulira m'Chingelezi mabuku akale achikhristu amene sanalowe m'Baibulo. M'mabuku oterowo ndi m'zithunzi za m'mipukutu muli ziwanda zambiri, ndipo zina mwa zilombo zake anazitenga kumeneko.

Ngati mukufuna kuwawerengera ana asukulu, yambani ndi "The Mezzotint" chifukwa ndi yaifupi ndipo ilibe Chilatini chambiri. "Lost Hearts" muisungire a Folomu 4, muli nkhanza zochitira ana. Nkhanizi zimapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo kaundula wake wa mabuku a Trinity College alinso pa intaneti, akugwirabe ntchito ndipo akutchedwabe ndi dzina lake.