Makapisozi m'madzi a nkhuku: mayankho kwa alimi a ku Zomba

Mayi wina wa ku Thondwe wafunsa kuti: "Nkhuku zanga zachikuda zikayamba kuwodzera ndimatsegula kapisozi wa amoxicillin kapena kuphwanya Bactrim n'kuthira m'madzi. Kale zinkadzuka, pano zikungofa. Ndiwonjezere mlingo?"

Ayi mayi, musawonjezere. Nkhuku zikamawodzera mapiko ali pansi, chitosi chobiriwira, zina khosi litapindika, n'kumafa motsatizana mudzi wonse, kawirikawiri chimenecho ndi chitopa. Chitopa chimayamba ndi vairasi, ndipo maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya monga amoxicillin ndi Bactrim, sagwira vairasi. Zomwe zinkadzuka zija zinali ndi vuto lina kapena zinapulumuka zokha. Chida cha chitopa ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso miyezi itatu kapena inayi iliyonse, nkhuku zisanadwale. Komanso ndifunse nawo: ngati makapisoziwo anachokera kuchipatala, ndani pakhomopo amene sanamalize kumwa mankhwala ake?

Bambo wina woweta mabroila ku Chinamwali akuti amathira antibayotiki wotchedwa oxytetracycline m'zomwera kuyambira tsiku lomwe anapiye afika mpaka pogulitsa, "kuti matenda asayandikire". Akufuna kudziwa ngati pali cholakwika, poti nkhuku zikunenepa.

Bambo, cholakwika chilipo, kungoti sichioneka pasikelo. M'matumbo mwa nkhuku iliyonse mumakhala mabakiteriya osawerengeka, monga E. coli, ndipo ambiri sadwalitsa. Mankhwala akamalowa tsiku ndi tsiku, amafa ndi ofooka aja. Ochepa osamva mankhwala amatsala okha, malo ndi chakudya zonse n'zawo, ndiye amaswana mpaka kudzaza khola. Zili ngati kupopera munda mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka, udzu wosamva uja n'kulanda munda wonse.

Chovuta kwambiri n'chakuti mabakiteriya amapatsirana chibadwa chopirira mankhwalachi ngakhale si amtundu umodzi. Chimayenda pa timizere ta majini totchedwa plasmid, ndipo kamodzi kangathe kunyamula mphamvu yokana mankhwala angapo. Ndiye inu mukuthira oxytetracycline, koma otsala m'kholamo angakhale okananso ceftriaxone, jakisoni amene madokotala amadalira munthu akagonekedwa ndi matenda aakulu. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa E. coli wopezeka m'magazi a odwala, wokana mankhwala a gulu limeneli sankafika 1 pa 100 alionse mu 2003, koma pofika 2016 anali 30 pa 100.

Sindikunena kuti zonsezi zinachokera m'makola. Kafukufuku wina wa mabakiteriya okana mankhwala wotchedwa DRUM, yemwe anachitika ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, zotsatira zake n'kutuluka mu 2023, anapeza mabakiteriya oterewa m'chimbudzi cha anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse, m'ndowe ndi zitosi za ziweto 3 mwa 10, ndiponso kwambiri m'madzi a m'mitsinje ndi m'ngalande, makamaka nyengo ya dzinja. Sanali mtundu umodzi wofalikira ngati mliri ayi, inali mitundu yambirimbiri yosinthana malo pakati pa munthu, chiweto ndi madzi. Munthu amatha kuyenda nawo m'mimba ali bwinobwino, mpaka tsiku lomwe alowa m'magazi kapena m'njira ya mkodzo.

Chotetezadi anapiye ndi khola louma lopita mphepo, utuchi watsopano gulu lililonse, zomwera zotsukidwa m'mawa uliwonse, katemera wa chitopa ndi gumboro pa nthawi yake, ndi kuletsa ogula kulowa m'khola. Zikadwala, itanani mlangizi wa ziweto azione kaye. Akakupatsani mankhwala, tsatirani mlingo ndi masiku ake, ndipo werengani pa paketi masiku oyenera kudikira musanaphe nkhuku kapena kugulitsa mazira.

Funso lachitatu lachokera kwa mlimi wa dimba m'mphepete mwa Likangala, yemwe amagula chitosi cha mabroila n'kuthira pa mpiru ndi tomato chikadali chachiwisi. Akuti masamba amabiriwira msanga.

Amabiriwiradi, achimwene, koma chitosi chachiwisi chimabwera ndi zonse za m'khola muja. Mukathirira, madzi amathovukira pa masamba ndi pa tomato wodya wosaphika, otsala n'kutsetserekera mumtsinje momwe ena akuchapa ndi kusamba mpaka kukafika ku nyanja ya Chilwa. Unjikani chitosicho pamulu ndi mapesi ndi udzu, kutali ndi madzi, muwaze timadzi, muphimbe. Mukalowetsa ndodo pakati n'kuitulutsa ikutentha, dziwani kuti ntchito ikugwirika. Muzitembenuza kuti za m'mbali nazo zilowe pakati, ndipo muthire m'dimba pokhapokha manyowa ada, azizira, fungo latha, zomwe zimatenga miyezi iwiri kapena itatu. Mukachoka pamulupo sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima kapena mwana.